Dzina Limene Tinawotcha ku Bua

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa malemu agogo anu, ndipo anazithira mchere wokwanira. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinagwira choko, chifukwa ndi pamene ndinayamba kukhala munthu amene mukumudziwayu, wolongolola ndi wosamva. Makamaka ndikufuna mudziwe za buku lija lokutidwa ndi nsalu yofiira, lopanda mutu, lopanda dzina la wolemba, limene limakhala pansi m'bokosi langa la zovala. Iwe Mariya unatsala pang'ono kulipereka kwa mayi wogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira malonda ake. Ndinakukalipira tsiku lija mpaka unalira, koma chifukwa chake sindinakuuze. Lero ndikuuzani nonse.

Kanyenda, nkhondo ya azungu itangotha

Amishoni atandiphunzitsa uphunzitsi ananditumiza ku Kanyenda. Ndinali mtsikana woonda ngati bango, katundu wanga bokosi lachitsulo ndi mphasa basi. Sukulu yake inali tchalitchi chofolera ndi udzu. Lamlungu tinkapempheramo, Lolemba n'kusanduka kalasi. Ahedi anali a Lunguzi, bambo wachikulire amene sindinawaonepo mano. Atandiona anangoti, “Amishoni anthu awathera eti? Atitumizira mwana kuti aphunzitse ana.” Ine pakamwa panga simukupadziwa kodi? Ndinayankha kuti, “Bambo, mwana ndiye amadziwa chimene chimavuta ana anzake.” Pomwepo anandipatsa Sabu B, kalasi imene aphunzitsi onse ankaithawa. Ana anali odzaza mpaka pakhomo, ena oyamba kumera ndevu. Masileti anali ochepa moti ambiri ankalemba ndi chala pa mchenga panja. Choko chikatha, ndipo chinkatha kawirikawiri, tinkalemba pa bolodi ndi makaka a chinangwa chouma. Mabuku owerenga amene amishoni anatumiza anali atadyedwa ndi chiswe, ndipo otsalawo ankanena za nkhosa za kwawo kwa azungu ndi madzi ouma ogwa kumwamba, zinthu zimene ngakhale ine mphunzitsi sindinazionepo.

Koma m'bokosi langa munali buku limodzi, langalanga. Mutu wake unali Mwera Ukaleka, ndipo analilemba ndi a Barnaba Kamphonje. Inu dzina limeneli simulidziwa, koma masiku amenewo linkamveka kuyambira kumpoto mpaka kumwera. Anali munthu wa kwathu kuno, wobadwira ku Nkhunga, mwana wa msodzi, amene anaphunzira n'kukagwira ntchito ku ofesi ya boma yosindikiza mabuku. Anabwera kamodzi kudzatilankhula tili ku maphunziro a uphunzitsi, bambo wamtali wa mawu ofatsa, ndipo ine nditawerenga bwino pamaso pawo anandipatsa bukulo, atalembamo dzina lawo ndi dzanja lawo pa tsamba loyamba. Ndinayenda sabata yonse osaponda pansi.

Buku limodzi, ana odzaza tchalitchi, ungatani? Tinkachita monga ankachitira aphunzitsi onse a nthawi imeneyo. Ine ndinkawerenga chiganizo, ana n'kubwereza, ndiwerengenso, abwerezenso, mpaka mutu wonse utakhazikika m'chifuwa mwawo. Akaloweza ndi pamene ndinkaulemba pa bolodi, iwo n'kuona kuti mawu amene ali kale m'kamwa mwawo amaoneka chonchi akagona pa thabwa. Ndi mabuku a nkhosa aja njira imeneyi inali yowawa, ana ankangolira ngati achule osadziwa chimene akunena. Koma ndi Mwera Ukaleka, abale inu! M'menemo munali usipa, munali nkhafi, munali mwera womwe ankaudziwa, umene unamiza amalume awo. Ana amene ankakanika chaka chonse anayamba kuwerenga mvula isanathe. Mutu umene ankaukonda kwambiri unali wa nkhalamba yolangiza mwana wake asanalowe pa nyanja koyamba, ndipo mawu ake ndikhoza kuwanena ngakhale mutandidzutsa kutulo: “Moyo ndi bwato lobwereka. Upalase bwino, pakuti mwini wake ali pa gombe akudikira. Akakukodola, sungati ndikadasodza. Ndipo anthu a pa gombe sadzafunsa kuti unasochera kangati. Adzayang'ana zimene wabweretsa.” Makolo ankaima pa zenera ndi maukonde pa phewa kumvetsera. Msodzi wina anandiuza kuti, “Aphunzitsi, amene analemba izi anapalasapo bwato, sanachite kuuzidwa.” Ngakhale a Lunguzi ndinawapezerera tsiku lina milomo ikugwedera kuseri kwa chitseko.

Ku Kanyenda komweko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu a Yohane, amene ankaphunzitsa Sitandade 2. Ankabwera kudzabwereka bukulo pafupipafupi, ndipo ndinachedwa kuzindikira kuti sankabwerera buku lokha.

Bua, 1953

Titakwatirana anatisamutsira ku sukulu ya pafupi ndi pamene Bua amathirira m'nyanja, bambo anu atakwezedwa kukhala ahedi. Kumeneko udzudzu unali wosaneneka, ndipo mtsinje ukadzaza ana a tsidya lija sankabwera. Nyengo ya mpasa, nsomba zija zikamakwera mtsinje, kalasi inkatsala ya atsikana okhaokha. Koma tinkakhala bwino, ndipo Mwera Ukaleka anagwira ntchito yake monga ku Kanyenda.

Kenako kunabwera chitaganya. Azungu anaganiza zolumikiza dziko lathu ndi maiko awiri a kumwera ndi kumadzulo, ife osatifunsa, ndipo amene anagwirako ntchito kumeneko anatiuza mmene munthu wakuda ankakhalira. Dziko lonse linakana. Ndiye tsiku lina nyuzipepala ya boma inafika, m'kati mwake muli nkhani ya a Kamphonje. Analemba kuti chitaganya chidzabweretsa misewu, zipatala ndi sukulu. Zikanathera pamenepo bwenzi anthu atangoti mkuluyu wanamizidwa. Koma anapitirira. Anati ife anthu akuda sitinakhwime, ndipo kupempha kudzilamulira kuli ngati mwana kulirira mpeni. Analemba ndi Chichewa chokoma chomwe chija, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Sanalekere pomwepo, anayamba kuyenda pa lole ya boma m'misika kukanena zomwezo. Dzina lawo linasanduka chitukwano. Tinamva kuti m'sukulu zina mabuku awo anawotchedwa, kwina anaponyedwa m'madzi, ndipo amishoni mwakachetechete analeka kuwatumiza.

Komiti ya makolo inatiitana pansi pa mtengo wa mango. Wapampando anali a Shaibu, msodzi wachisilamu wochokera ku mabanja akale a m'tauni ya Kota Kota. Anthu a kwawo sankakonda kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawabatiza, koma iwo anatumiza ana awo onse, ndi aakazi omwe, atamva ana a anzawo akunena za bwato lobwereka. Tsiku limenelo nkhope yawo inali yolemera. Mnyamata wina anaimirira nati, “Buku la wogulitsa dziko lisagonenso pa sukulu pano. Libwere tiliwotche, apo ayi ana athu tiwachotsa.” Anthu anavomera ndi phokoso. Ine ndinayang'ana bambo anu kuti andithandize, koma iwo, amene anali atalowa kale chipani chokana chitaganya, anati, “Anthu anena, Esinati. Katenge bukulo.”

Ndinaiwala kuti ndine mkazi pakati pa amuna, ndinaiwalanso kuti amene alankhulawo ndi ahedi anga. Ndinati, “Chabwino, ndikatenga. Koma mundiuze kaye chimene ndiphunzitse Lolemba. Nkhosa za azungu? Inu a Shaibu, Amina wanu anadziwira kuwerenga buku liti? Mkuluyu watilavulira kumaso, inde, nanenso mtima ukundiwawa kuposa nonsenu, chifukwa ine anandigwira chanza. Koma m'bukumu muloze tsamba limodzi lonena za chitaganya, ndiliwotcha ndekha.” Mnyamata uja anati, “Amayi, chitsime chikagwera galu simumafunsa kuti wafera mbali iti.” Mawu ake anali ndi nzeru. Kenako a Shaibu anavula kofia yawo, n'kuivalanso, nati, “Wallahi, nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Koma ine ndine msodzi. Mpasa tikaigwira timaitumbula, ndulu timataya, mnofu timadyetsa ana. Chowawa m'bukumu ndi dzina. Aphunzitsi achotse dzinalo, tiliwotche pano tonse tikuona, ndipo lisadzatchulidwenso pa sukulu ino. Bukulo litsale. Mukakana, aphunzitsi, ndiye lipsa lonse.”

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Buku linali langa, palibe akanandikakamiza. Ndikanatha kulibisa m'bokosi lathunthu ndi dzina lake, ana n'kubwerera ku nkhosa. Ndinakatenga lezala la bambo anu. Ndinadula chikuto, ndinadula tsamba loyamba lija la dzanja la a Kamphonje, n'kupereka kwa a Shaibu. Pepala silichedwa kupsa. Anthu anaomba m'manja, ine misozi ili mbwembwembwe, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira a Kamphonje kapena ndinkalira ndi ukali pa iwo. Madzulo ake ndinang'amba nsalu yofiira imene ndinavala pa chinkhoswe changa, n'kusokera bukulo chikuto chatsopano. Bambo anu sindinawalankhule masiku angapo.

Kuyambira pamenepo ana ankangoliti Buku la Nsalu. Akuluakulu anasunga pangano, ndipo ana obwera pambuyo sanadziwe kanthu. Chaka chotsatira kunabwera mnyamata wamkulu kale wochokera kumtunda kwa mtsinje, dzina lake Wilisoni, wamanyazi koma wa mutu wogwira zedi. Analoweza bukulo lonse, ndipo akamanena mawu a nkhalamba ija mawu ake ankanjenjemera. Tsiku lina anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, analemba zimenezi ndani?” Ndinati, “Ndi mawu a akuluakulu.” Anakhutira, n'kubwerera pa malo pake.

Nkhunga, 1959

Amishoni anatisamutsanso, ndipo mwa malo onse a m'dziko muno anatiponya ku Nkhunga, kwawo kwenikweni kwa a Kamphonje. Eni akewo anali akadali kumwera. Kuno anthu ankalima mpunga ndi chinangwa, ndipo m'kalankhulidwe kawo munkamveka Chitonga. Buku la Nsalu ndinapita nalo, pangano la ku Bua ndinapitanso nalo, ngakhale kuno panalibe wondiyang'anira.

M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho boma linayamba kumanga anthu a chipani. Bambo anu anawatenga ana ali pa mzere wa m'mawa, choko chili m'manja. Inu munali aang'ono. Iwe Petulo unathamangira lole imene anawakwezamo mpaka pa mlatho wa mitengo. Sanatiuze kumene akupita nawo. Ndinatsala ndi sukulu yonse, makalasi onse ndekha ndi mphunzitsi mmodzi wothandizira, ndipo woyendera sukulu atabwera anangondiuza kuti nyumba ya ahedi ndiyenera kutulukamo. Tinakakhala m'kanyumba ka mayi wina wa mumpingo. Zonsezo ndinapirira. Chimene sindinapirire ndi nyuzipepala imene inafika patapita milungu ingapo. A Kamphonje analemba kuti boma lachita bwino, pakuti udzu ukazulidwa mpunga umapuma. Udzu! Bambo anu, munthu amene ankagawa chakudya chake kwa ana a masiye, udzu!

Ndinatenga bukulo n'kupita nalo pa moto pamene ndinkaphika ndiwo. Ndinaligwira pamwamba pa malawi mpaka nsalu inayamba kununkha. Mukayang'ana pa ngodya yake mudzaona pakuda. Ndinawatukwana mkuluyo mawu amene sindingalembe pano. Koma ndinaganiza za Lolemba, za ana odzaza kalasi opanda kanthu kena kowerenga, ndipo ndinabweza dzanja. Musaganize kuti ndinawakhululukira. Ndinkalowa m'kalasi, n'kuwerenga mawu okoma aja ndi pakamwa powawa, ana n'kubwereza mosangalala. Pa ntchito yanga yonse palibe chaka chinandilemera ngati chimenecho.

Bambo anu anabwerako patapita chaka ndi miyezi, ataonda, akutsokomola chifuwa chimene sichinawasiyenso. M'kalasi sanabwereremo. Tsiku lina ali gone pa mphasa pakhonde anaona bukulo m'manja mwanga, nati, “Esinati, uli nalobe?” Ndinakonzeka kukangana. Koma iwo anaseka pang'ono nati, “Kundende kunalibe chowerenga. Anzanga atamva kuti ndine mphunzitsi anati tiuzeni kanthu. Ndinawauza za bwato lobwereka. Amuna aakuluakulu analira, Esinati, ndipo ankandipempha mobwerezabwereza. Mwini wake sindinamutchule, akanandimenya.” Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, “Munthuyo ndimadana naye, ndipo ndidzafa ndikudana naye. Koma ndikadzapita, mawu amenewo adzanenedwe pa manda anga. Wamva?” Ndinawakalipira kuti asamalankhule za imfa masana, koma ndinamva.

Nkhunga, ufulu uli pafupi

Chitaganya chitayamba kugwedezeka, azungu amene ankawakweza a Kamphonje pa lole analibe nawonso ntchito. Mkuluyo, maso atachita ng'ala, anabwerera kwawo ku Nkhunga ndi akazi awo aNyalongwe. Kalanga ine, munthu amene kale mafumu ankamuyalira mkeka! Panjira anthu ankayang'ana kumbali. Pa gombe asodzi ankauza aNyalongwe kuti nsomba zatha, zili mbwee m'bwato. Mpunga wawo unaweramira m'munda wopanda wowathandiza kumweta. Ine ndinkaona zonsezi, ndipo ndisakunamizeni, poyamba mtima unkati zawakwana.

Tsiku lina ana akunena mutu wa nkhalamba ija, ndinaona anthu awiri ataima panja, mayi atagwira dzanja la bambo wamtali wowerama. Ana atatuluka kukapuma, aNyalongwe anayandikira nati, “Odi, ama aphunzitsi. Adada awa amva mawu ali pa njira, akana kupitirira.” Ndinawapatsa mpando chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndinkafuna. Mkuluyo anati, “Mayi, ndimayesa mabuku onse anapsa. Ndingaligwireko?” Ndinawapatsa. Anasisita nsaluyo, anatsegula, zala zawo n'kupeza chitsa cha tsamba lodulidwa lija. Anachitsata ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anafunsa kuti, “Anadula ndani?” Ndinati, “Ndine. Ndine mtsikana uja munamupatsa bukuli ku maphunziro a uphunzitsi. Ndinenso mkazi wa udzu wina umene unazulidwa kuti mpunga upume.”

ANyalongwe anazolika. Kenako mkuluyo anati, “Anawa akudziwa kuti mawu amene akunenawa ndi a yani?” Ndinati sadziwa. Anati, “Mayi, ine mwana ndinalibe. Ndinkati bukuli ndi limene lidzanyamula dzina langa. Ndikupemphani, lembanimo m'kati, ngakhale ndi pensulo, ngakhale pang'ono pokha.” Mawu awo anali ofatsa omwe aja, ndipo mtima wanga unagwedezeka. Ndinati, “Bambo, Lamlungu muimirire m'tchalitchi, muuze anthu kuti munalakwa. Mukatero mwina adzalola.” Anapukusa mutu. “Za udzu zija ndinalankhula moipa, ndipo kwa inu ndikupepesa. Koma za chitaganya ndinanena zimene ndinkaona, ndipo mpaka lero ndikuopa kumene dzikoli likupita. Ndikaimirira n'kunena kuti ndasintha maganizo ndidzakhala ndikunama. Ine sindinalembepo bodza, ndiyambe kulinena ndili nkhalamba?” Ha, kuuma mutu kwake! Ndinati, “Ndiye mukudziwa chimene chidzachitika. Dzina lanu likalowa lero, mawa bukuli lili pa moto, ndipo ndi lomaliza.” Anati, “Buku ndi langa, dzina ndi langa.” Ndinati, “Inde, bambo, koma anawa si anu. Ndi anga, ndipo ayenera kuwerenga. Sindilemba.”

Pa chimenecho sindikupepesa, ana anga. Nditapatsidwanso tsiku lomwelo ndikhoza kuyankha chimodzimodzi. Koma nkhope ya mkulu uja pobweza bukulo ndi manja awiri imandibwererabe, ndipo imandimvetsa chisoni. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti ndiwalole azikhala pa chipika chimene chinali kuseri kwa zenera. Ndinalola. Kuyambira pamenepo m'mawa wambiri aNyalongwe ankawasiya pamenepo popita kumunda. Ana ankati ndi nkhalamba yosokonezeka mutu, chifukwa milomo yawo inkayenda limodzi ndi kalasi. Ndinawaopseza kuti amene adzawagende adzandidziwa bwino.

Anamwalira nyengo ya mwera. Uthenga utafika ndinazengereza, koma bambo anu, amene pa nthawiyo sankathanso kuyenda mtunda, anati, “Pita iwe. Maliro n'kulirana.” Anthu anali ochepa moti ndinachita manyazi m'malo mwa mudzi wonse. Adzukulu okumba manda anabwera chifukwa mwambo sulola kukana, koma ankakumba nkhope zili kumbali. Abusa anatumiza mawu akuti sakupeza bwino m'thupi, ndipo m'malo mwawo anatumiza katekisiti wachinyamata amene anali atangofika kumene m'dera lathu. Nditamuona ndinadzidzimuka: anali Wilisoni wanga wa ku Bua, atavala mkanjo woyera. Mphwawo wa malemu anawerenga mbiri mothamanga: anabadwa, anabatizidwa, anakwatira, anagwira ntchito m'boma, anadwala, watisiya. Za mabuku sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Wilisoni anaimirira pa mutu pa manda, thukuta lili kamukamu. Ankadziwa kuti akuika munthu wa chitaganya, ndipo ankasowa poyambira. Anawerenga vesi, anakhosomola, anayang'ana kumwamba. Kenako nkhope yake inamasuka ngati munthu amene wapeza njira, nati, “Abale, ine sindine woweruza. Ndingokukumbutsani mawu amene makolo athu akale anatisiyira. Moyo ndi bwato lobwereka. Upalase bwino, pakuti mwini wake ali pa gombe akudikira.” Adzukulu aja, ena a iwo ana anga a m'kalasi, anatembenuka atatsamira makasu awo, n'kuyamba kunena naye limodzi monga ankachitira m'kalasi: “Ndipo anthu a pa gombe sadzafunsa kuti unasochera kangati, adzayang'ana zimene wabweretsa.” Akuluakulu awiri atatu amene ankakumbukira anangoweramitsa mitu. Ife amayi tinakhala pansi chapatali monga mwa mwambo. ANyalongwe anandigwira pa mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa, n'kundinong'oneza kuti, “Ama, mukumva? Adziika okha m'manda.”

Pobwerera Wilisoni anandipeza pa njira, wokondwa kuona mphunzitsi wake. Anati, “Mayi, Buku la Nsalu landipulumutsa lero. Mawu aja ndimawanena pa maliro alionse, anthu amatonthozeka.” Ine mtima unali utadzaza. Ndinaganiza kuti pangano linali la pa sukulu, pano ndi pa njira. Mwini wake wagona, ndipo munthu mmodzi yekha mwa ana amene ndinawaphunzitsa ayenera kudziwa. Ndinati, “Wilisoni, unandifunsa kale kuti analemba ndani. Ndi amene wawaika lerowa.” Anaima chilili. Anaseka pang'ono poyesa kuti ndikucheza, kenako kuseka kunazima. Anati, “A Kamphonje? Wogulitsa dziko uja?” Ndinavomera. Anapukuta pakamwa ndi dzanja ngati wadya chinthu chowola, nati, “Mukanandiuza kale, mayi, sindikanawatchula.”

Bambo anu anatisiya mvula yotsatira, miyezi yochepa ufulu usanafike, ufulu umene anaumangidwira. Pa maliro awo panadzaza anthu, a chipani, a mpingo, a Shaibu omwe anachoka ku Bua ndi ndodo yawo. Wolalikira anali Wilisoni. M'mawa mwake tisananyamuke ndinamuitanitsa kuseri kwa nyumba, n'kumuuza chimene malemu anapempha ali pakhonde. Anagwada pansi mwaulemu, misozi ili m'maso, nati, “Mayi, ndipempheni china chilichonse. Pa manda a munthu amene anamangidwa, ndinene mawu a munthu amene anamutcha udzu?” Ndinati, “Anapempha okha, akudziwa mwini wake. Ndipo anthuwa sadziwa.” Anati, “Ine ndikudziwa, mayi. Sangatuluke pakamwa panga.” Ndinamukalipira, ndinamuchonderera, ndinamukumbutsa amene anamuphunzitsa kugwira pensulo. Anangogwada pomwepo akupukusa mutu.

Analalikira bwino, anthu anatero. Ine ndinakhala pansi pakati pa amayi, kumene mkazi wamasiye amakhala, kumene salankhula. Ndinadikirabe mpaka pemphero lomaliza, ndikuti mwina mtima wake ufewa. Adzukulu atayamba kukwirira, ndinafunda nsalu kumutu, n'kuwanenera bambo anu mawu awo ndekha chapansipansi, kuyambira pa bwato lobwereka mpaka pa zimene wabweretsa. Iwe Mariya unali pa miyendo panga, ndipo unandifunsa kuti, “Amayi, mukulankhula ndi yani?”